Mkate umene a Mabanzi sankalawa

Aliyense wa mumsewu wa kuseri kwa msika ankawadziwa a Mabanzi ndi fungo asanawaone nkhope. Ukangokhota pamene amawotcherera zitsulo, mphuno zinkakutsogolera zokha mpaka pa kampanda ka malata. Mkati mwake munali uvuni wa mgolo, wakuda bii ndi utsi, ndi mayi wamfupi wa mikono ngati ya wonyamula matumba, atawerama pa beseni la ufa. Dzina lawo lenileni linasungunuka kalekale ngati sopo wosiyidwa m'madzi. Ana, akuluakulu, ngakhale abusa, onse ankangoti a Mabanzi, iwo n'kumavomera.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, amene anthu ankamutcha Telala chifukwa cha makina ake osokera pakhonde la sitolo ya nsalu. Zonse zimene Telala ankadziwa za Mulungu anazitola pambali pa beseni lija. Pemphero la Ambuye analiloweza akudzoza mafuta m'mathileyi. Nyimbo za kutchalitchi anazimva koyamba zikutuluka m'mphuno mwa amayi ake, poti pokanda ufa sankatsegula pakamwa. Tsiku lina ali kamtsikana, kunabwera wamisala kudzapempha, iye n'kusankha banzi lopserera kumupatsa. Khofi limene analandira tsiku limenelo anakula nalo.

"Wopempha sapatsidwa lopserera," anatero amayi ake. "Lopserera timadya eni ake. Ukudziwa bwanji kuti wabwerayo ndi ndani?"

Koma a Mabanzi omwewo, amene anaphunzitsa mwana wawo kugwada, anali odulidwa mgonero.

Nkhani yake inali yotere. Anamanga ukwati kutchalitchi ndi dalaivala wa malole, bambo ake a Telala. Tsiku lina mwamunayo ananyamuka ndi katundu wa abwana ake. Katundu anafika, lole inabwerera, iye osabwera. Kenako zinamveka kuti ali moyo ndithu, wanenepa, ali ndi mkazi wina ndi ana. A Mabanzi anadikira mpaka denga linayamba kudontha. Amene anabwera kudzalikonza anali mmisiri wokhoma zidebe, a Malata, munthu wosapemphera, wa nthabwala zambiri ndi mano ochepa. Anakonza denga, kenako chitseko, kenako anapanga uvuni wa mgolo uja ndi mathileyi ake, ndipo pamapeto pake sanapitenso kwawo. Akulu a mpingo anakhala pansi n'kugamula kuti ukwati woyamba sunathe, choncho mayiyu asayandikire gome la Ambuye.

Chomvetsa mutu n'chakuti mkate wa pagomepo ankaphika ndi iwo omwewo. Abusa a nthawi imeneyo anangoti, "Pitirizani kuphika, mayi, nkhani yanu tikuionabe." Abusawo anasamuka, kunabwera ena, kenako enanso, mutu wa a Mabanzi unayera mbuu, nkhani ikuonedwabe. Zikuoneka kuti tchimo lawo linkatseka pakamwa pokha, m'manja silinkafikamo.

Loweruka loti mawa mgonero, mabanzi sankagulitsidwa. A Mabanzi ankatsuka beseni lapadera la mgonero ndi madzi otentha, n'kumanga mpango woyera kumutu. Mkatewo unali wopanda yisiti: ufa, madzi, mafuta, supuni ya mchere, ndi kasoda ka pansonga pa supuni kuti usalimbe ngati njerwa. Wophika aliyense amalawa, ndipo ufa wa mabanzi ankaulawa mobwerezabwereza. Koma wa mkate uwu ayi. Kuyambira posamba m'manja mpaka kuukulunga m'nsalu, palibe chimene chinkadutsa pamilomo pawo, ngakhale kunyambita chala. Nyenyeswa ankazisesa n'kuziponya pamoto.

A Malata sankasowa pambali pa uvuni tsiku limenelo.

"Mayi, tandibenthulirani kakhungu kokha," ankatero. "Ine ndine wakunja kale, ndingachimwe kuposa apa?"

"Chokani apa inu, mphuno ngati fanulo. Si wanu."

"Sunadalitsidwetu umenewu. Ukadali ufa womwe uja ndinanyamula panjinga dzulo."

"Mwini wake wauona kale."

"Ndiye Mulungu wanuyu ndi woumira bwanji! Ngakhale nyenyeswa?"

"Woumira ndinu, amene mwamumana ngakhale Lamulungu limodzi moyo wanu wonse."

A Malata ankaseka mpaka kutsokomola, n'kumawapatsira zitini.

Telala atakula analowa mpingo, ndipo ntchito yonyamula mkate inakhala yake. Ankausiya m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, n'kukakhala kutsogolo ndi anzake. Amayi ake malo awo anali benchi yomaliza, pafupi ndi khomo, pamene pankakhala atsikana otenga mimba osakwatiwa ndi zidakwa zofuna kubwerera. Mkulu wonyamula mbale akafika pamenepo ankayang'ana khoma ngati lalembedwa uthenga, n'kutembenuka. Atsikana aja ankakhala miyezi n'kubwerera kutsogolo. Zidakwa zinkabwerera, kugwanso, n'kubwereranso. A Mabanzi benchi yawo inali yomweyo.

Panjira yobwerera kunyumba funso linkakhala limodzi.

"Unali bwanji?"

"Wakoma, amayi."

Ndipo zinkakhala zoona. Iwo ankagwedeza mutu ngati munthu amene wakhuta.

Telala zinkamuwotcha mumtima. "Bwanji osawasiya aziphika okha? Akukusandutsani bulu, kusenza chimanga osadyako."

"Ndiye ndimaphikira iwowo ngati?" ankayankha amayi ake, nkhani n'kuthera pomwepo.

A Malata anamwalira nyengo yozizira, chifuwa chitawagwira. Mpingo sunabwere ndi nyimbo, poti sanali wawo. A Mabanzi anaimba okha, owotcherera zitsulo akuthandizira m'mene akudziwa. Ndipo imfa inachita chimene akulu a mpingo analephera zaka zonse zija: inatsegula njira. A Mlembi a mpingo, amene anali ndi sitolo ya misomali ndi penti, anati popeza chopinga chachoka, mayiyu alowe kalasi ya olapa. Munthu wa imvi anakhala pabenchi limodzi ndi atsikana a msinkhu wa zidzukulu zake, akuyankha mafunso amene anawadziwa aphunzitsi akewo asanabadwe. Atawafunsa pamaso pa akulu ngati akuvomera kuti anachimwa, anati:

"Ndinachimwa, inde. Koma munthu uja anali wabwino. Zonse ziwirizi Mulungu akuzidziwa, inu lembani chimene mukufuna."

Akuluwo anatsokomola, n'kunena kuti ayankha.

Pali chinthu chimene Telala sankadziwa. Maso a amayi ake anali atachita ng'ala. Ufa, mchere, soda, zonse zinkangooneka mbuu ngati nkhungu. Pa mabanzi lilime linkawapulumutsa. Pa mkate wa mgonero ankawapulumutsa a Malata. Nthabwala zonse zija za pambali pa uvuni zinkaphimba ntchito: munthu wosapempherayo ndi amene ankatsegula chitini choyenera n'kuchikankhira kudzanja la mkazi wake, popanda ngakhale mmodzi wa iwo kutchulapo kanthu.

Mgonero woyamba a Malata atapita, yankho la akulu linali lisanabwere, ndipo a Mabanzi anaphika okha. Telala pofunyulula nsalu m'kachipinda muja anaona kuti mkate wachita chikasu, koma anati mwina ndi moto. Anadziwira m'kamwa. Unali wowawa ngati munthu watafuna sopo ndi phulusa. Tchalitchi chonse chinayamba kutsokomola. Akazi a Mlembi analavulira m'kampango. Mkulu wina anathamangira chikho nthawi yake isanakwane, ndipo mnyamata wa kwaya anabisa nkhope m'buku la nyimbo, mapewa akugwedezeka. Kumbuyo kuja a Mabanzi anamva chifuwa chonsecho n'kuganiza kuti ndi chimfine cha nyengo.

"Unali bwanji?" anafunsa panjira.

Telala anayang'ana nkhope ya amayi ake, yotha ndi maliro, khosi litatsala mitsempha yokhayokha. Lilime lake linali likuyabwabe ndi soda.

"Wakoma, amayi."

Mkati mwa sabata a Mlembi anatulukira pakhonde la Telala ndi buluku lofuna kukuza m'chiuno. Anakhala pampando wa makasitomala, n'kuyamba ndi za kukwera kwa ulusi.

"Mlongo, ndabwera ndi nkhani ziwiri," anatero kenako. "Yoyamba ndi yokoma. Bwalo la akulu lavomera. Mgonero ukubwerawu amayi anu abwerera pagome."

Phazi la Telala linaima pamakina.

"Yachiwiri ndi yaing'ono chabe. Mkate tizigula kusitolo tsopano. Amayi akula, apumule. Muwauze bwinobwino."

"Bwanji osakawauza nokha, a Mlembi? Njira mukuidziwa. Mabanzi a misonkhano yanu mumakatenga komweko."

"Inu ndinu mwana wawo. Zimamveka bwino zikachoka m'nyumba."

"Zaka zonsezi aphika osalawako, lero alakwitsa kamodzi..."

"Mlongo, anthu anatsala pang'ono kusanza m'nyumba ya Mulungu. Mukufuna tidikire mpaka wina agonekedwe kuchipatala?" Anaimirira, n'kuloza buluku. "Muwonjezere zala zitatu. Linafupika pochapa."

"Silinafupike, a Mlembi. Mimba ndi imene yapita patsogolo."

A Mlembi anaseka ngati amva nthabwala ya chibale, n'kumapita.

Madzulo ake Telala anawapeza amayi ake akupala mathileyi. Anawauza nkhani yoyamba. A Mabanzi anasiya mpeni, n'kukhala pathumba la ufa. Sanalulute, sanalire. Anayang'ana manja awo nthawi yaitali, ngakhale kuti sankawaona bwino.

"Ndiye kuti ndidzaulawa," anatero. "Iwe, ndidzaulawa mkate wanga! A Malata akanakhalapo akanati mwaona, woumira uja watsegula dzanja."

Nkhani yachiwiri Telala anaisunga. Anati awauza mawa. Mawa linafika, anati sabata ya mawa. Kenako anapanga nzeru yake: adzaphika nawo limodzi, mkate udzatuluka wabwino kuposa wina uliwonse, ndipo a Mlembi akadzauona, akadzaununkhiza, mtima wawo udzafewa. Si anthu nawonso?

Loweruka lija anatseka makina masana n'kupita kukathandiza. Amayi ake anali atamanga kale mpango woyera, akuimba m'mphuno. Anathira ufa, mafuta, kenako anafufuza chitini ndi dzanja, n'kutapa supuni yodzaza tho.

"Amayi, imeneyo ndi soda."

Nyimbo inaduka. Supuni inaima m'malere.

"Ndimakuyesa," anatero a Mabanzi. "Ndimafuna ndione ngati uli maso."

Telala anakankhira chitini cha mchere kudzanja lawo, ndipo mmene dzanjalo linachilandirira, mosadabwa, mozolowera, anadziwa amene ankachita zimenezi kale. Anapotoloka n'kumakoleza moto umene unali ukuyaka kale, kuti utsi ukhale chifukwa cha misozi.

Mkate unatuluka wofiirira bwino, fungo lake linafika mpaka kwa owotcherera zitsulo. Mmodzi anakuwa pamwamba pa mpanda, "A Mabanzi, lero ndiye mwaphikira angelo!" Iwo anasesa nyenyeswa n'kuziponya pamoto monga mwa masiku onse. "Komaliza," anatero. "Mawa nyenyeswa ndi zanga."

Lamulungu m'mawa Telala anawasiya amayi ake pakhomo la tchalitchi, n'kuzungulira kukachipinda kuja. Anapeza a Mlembi ndi mkulu wina atamaliza kale ntchito. Mbale zinali zodzaza tizidutswa toyera tofanana ngati tanthochi todula ndi makina, ndipo jumbo ya kusitolo inali pansi pa tebulo.

"A Mlembi, taonani kaye." Anafunyulula nsalu. "Ndaphika nawo ndine. Lawani kachidutswa kokha."

"Mlongo, ndinakuuzani."

"Lero lokha. Ndi tsiku lawo. Sabata ina muzikagula ngakhale wa maluwa, sindidzalankhula."

"Bwalo linagamula. Ndekha sindingasinthe."

"Ndiye dulani kachidutswa kamodzi, muike pambali, muwapatse iwo okha. Ndani adziwe?"

"Gome la Ambuye si lesitilanti, loti aliyense aziitanitsa chake," anatero mkulu winayo, osadzutsa nkhope.

A Mlembi ananunkhiza ndithu, mphuno zinawapereka. Koma anaphimba mbale ndi nsalu. "Mukanawauza, mlongo. Ife mbali yathu tinachita."

Chopweteka chinali chakuti pamenepo sananame. Telala anakulunga mkate, n'kuulowetsa m'chikwama chake pansi pa Baibulo. Unali ukadali wofewa.

Nthawi itakwana abusa anaitana obwerera. A Mabanzi ananyamuka pabenchi yomaliza, atavala diresi limene Telala anawasokera, n'kuyenda kanjira ka pakati konse, dzanja likugwira nsonga za mabenchi. Anthu anati amen, ena anawomba m'manja. Akazi a Mlembi anasendera kuti awapatse malo, akumwetulira ngati ndi iwo awapempherera zaka zonsezi. Telala anakhala pambali pa amayi ake, chikwama pamiyendo, mtima ukugunda ngati nyundo ya a Malata.

Mbale inafika. Kwa nthawi yoyamba wonyamula sanayang'ane khoma. A Mabanzi anatambasula dzanja, natola kachidutswa. Kanafinyika pakati pa zala zawo ngati thonje. Anakayandikiza kumphuno.

Telala anaona zonse. Anaona mphumi ikuchita makwinya, milomo ikutseguka pang'ono n'kutsekekanso. Maso a ng'ala aja anatembenukira kwa iye, kenako kuchikwama, kumene fungo lenileni linkachokera. Abusa anati, "Tengani, idyani." A Mabanzi anaika kachidutswa m'kamwa, natafuna pang'onopang'ono ngati pali chotafuna, n'kumeza.

"Amen," anatero, mokweza, mpaka a kutsogolo anatembenuka.

Kachidutswa ka Telala kanali katasanduka kampira m'nkhonya mwake. Anafuna kukaponya pansi, kuimirira, kutulutsa mkate m'chikwama n'kuuika pagome pamaso pa onse, kenako kutuluka osadzabweranso. Chigongono cha amayi ake chinamugunda m'nthiti.

"Idya."

"Sindingathe, amayi."

"Idya, iwe. Mwini gome si iwowa."

Anadya. Kanalibe kukoma kulikonse, koma kanavuta kumeza kuposa wa soda uja.

Panjira sipanamveke funso. Anayenda mpaka kulowa mumpanda wa malata. Telala anatulutsa mkate, n'kuuika pathileyi patsogolo pa amayi ake.

"Lawani, amayi. Sunafike pagome. Ndi wanu tsopano."

A Mabanzi sanaukhudze. Anamasula mpango, n'kuupinda pabondo.

"Anakuuza liti?"

"Tsiku lomwe lija anandiuza za kubwerera kwanu."

"Nanga wa ulendo watha uja unali bwanji? Usandinamize. Ndadya mgonero lero, nawenso wadya."

Telala anayang'ana uvuni. "Unkawawa, amayi. Anthu analavula."

"Chifuwa chija?"

"Eya."

Kunja kwa mpanda ana ankathamangitsa mpira, wina akulira kuti amuponda. A Mabanzi anaika mpango uja pambali.

"Akuluwo sindikuwadandaula," anatero. "Ndinawazolowera ngati dzino lobowoka. Koma iwe! Ndinakufunsa. Pakamwa panga m'tchalitchi muja unali iwe, ndinalibe pena. Ambuye ndinawapatsa lopserera, iwe n'kumati wakoma, amayi."

"Ndinkakumverani chisoni."

"Chisoni chako chandidyetsa thonje."

Telala analira ngati mmene analirira tsiku la khofi lija, ndipo amayi ake sanamutonthoze. Patapita nthawi anakoka thileyi. Anabenthula kakhungu ka m'mphepete, kamene a Malata ankapempha, n'kukagwira kanthawi, ngati akudikira kuti wina awaletse. Kenako anakaika m'kamwa. Anatafuna atatsinzina, nsagwada zikuyenda pang'onopang'ono.

"Ndiye umakoma chonchi," anatero motsitsa. Anamezanso malovu. "Koma mchere wachepa. Dzanja lako ndi lamantha."

Mkate wotsalawo anauza Telala kuti akapatse ana a mpira aja. Beseni la mgonero analitsuka tsiku lomwelo, n'kulipachika pamsomali kuseri kwa chitseko, ndipo silinatsikenso. Mabanzi ogulitsa anapitiriza kuphika mpaka maso atatsekeratu. Mgonero uliwonse ankakhala kutsogolo, kulandira thonje lawo n'kunena amen wawo wokweza, ndipo pa za akulu a mpingo palibe anawamvapo akutchula choipa. Pa mpingo wonsewo palibenso anabwera kudzati zikomo.

Telala buluku la a Mlembi analisoka, analikuza zala zitatu monga anapempha, ngakhale kuti singano inathyoka kawiri. Kutchalitchi amapitabe. Sakhala kutsogolo pokhapokha akawatsogolera amayi ake. Amapita ndi mkwiyo, amaimba ndi mkwiyo, ndipo mbale ikamayandikira nkhonya yake imadzifunga yokha. Koma chigongono chija chimamupeza m'nthiti, ngakhale tsiku limene amayi ake atsala kunyumba, ndipo amatambasula dzanja.